Mawondo akundipweteka potsika phiri: kodi ndisiye?

Funso: Ndine mphunzitsi kuno ku Mangochi, ndipo ndili m'gulu la anthu 12 amene tikufuna kukwera phiri la Mulanje mu Julaye n'cholinga chotolera ndalama zogulira madesiki a ana pa sukulu ina yakumudzi. Loweruka lililonse timakonzekera pokwera zitunda za ku Chowe, njira ya ku Namwera. Pokwera ndimalimba, koma potsika mawondo amandipweteka kwambiri, komanso anyamata a m'gululi amathamangira kutsogolo n'kutisiya akuluakulufe m'mbuyo. Kodi ndisiye?
Mayi wa ku Mpondasi

Yankho: Mayi, musasiye, chifukwa vuto mwatchulali limachepa munthu akaphunzira katsikidwe koyenera. Ambiri amaopa chikweza, koma chimene chimavulaza mawondo ndi chitsetse, popeza potsika minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndiyo imagwira ntchito ya mabuleki, ndipo ikatopa kulemera konse kwa thupi kumagwera pa bondo. Muziponda timapazi tatifupi, bondo lili lopindika pang'ono, ndipo pamene patsetsereka kwambiri muzitsika mokhotakhota m'malo molunjika. Ndodo yolimba ya nsungwi yofika m'chiuno kapena kupitirira pang'ono muziitsogoza pansi phazi lisanaponde. Mkati mwa sabata, pezani sitepe ya pakhonde, muimepo ndi mwendo umodzi n'kumatsitsa winawo pang'onopang'ono mpaka chidendene chikhudze pansi, kakhumi mwendo uliwonse. Bondo likatupa, kapena likamakana kuwongoka, kumeneko si kutopa ayi. Pitani kuchipatala musanakwerenso.

Dziwaninso kuti Mulanje si Chowe. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, pamene inu kunyanjako mumakhala pansi pa mamita 500, ndipo kuchokera pa nyumba yogonamo ya Chisepo kupita pansonga munthu amakwawa pa matanthwe ndi manja omwe. Choncho yambani kukwera mutabereka chikwama chokhala ndi madzi okwanira ndi kamba, muzionjezera katundu pang'ono sabata iliyonse, ndipo nsapato zimene mudzapite nazo muyambe kuzivala panopa kuti zisadzakutulutseni matuza. Dzuwa la Mangochi ndi loopsa, n'chifukwa chake ndi bwino kunyamuka m'mamawa kusanatenthe, muli ndi paketi ya Thanzi m'thumba. Koma lisakupusitseni: mu Julaye pamwamba pa Mulanje pamazizira koopsa, ndipo chiperoni chikagwa nkhungu imaphimba njira moti mnzako ali pafupi pomwepa osamuona.

Apa ndiye pali nkhani imene yandikhudza kwambiri, ya anyamata okusiyaniwo. Chizolowezi chimenechi chithetsedwe ku Chowe komweko, chifukwa pa Mulanje anthu ena anasowapo atapatukana ndi anzawo. Khalani pansi monga gulu mugwirizane kuti woyenda pang'onopang'ono ndiye azitsogola, wamphamvu mmodzi azitsekera kumbuyo, ndipo pa mphambano iliyonse muziima n'kuwerengana. Wachinyamata amene magazi akumuwira mupatseni chikwama cha mayi wotopa, mphamvu zakezo zithere pamenepo. Mukadzafika ku Likhubula mudzatenge wolondolera njira wodziwa phirilo, ndipo akadzati lero nyengo siyilola kupita ku Sapitwa, mudzamumvere ngakhale amene anasonkha ndalama za madesiki akudikira chithunzi cha pansonga.