Baji ya agogo musamusiyire munthu wa ma logo

Achimwene, inu amene mukufuna kupetetsa pa nsalu baji ya usilikali ya agogo anu, musathamangire kupereka bajiyo kwa opeta, ine mpaka pano ndikaikumbuka nkhani iyi mtima umandiwawa. Yathu inali ya agogo aamuna, a KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali a ku Africa kuno pansi pa Britain), anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944 pansi pa 11th East African Division ija ya chizindikiro cha chipembere. Ifenso timafuna kupetetsa pa nsalu kuti abale tigawane. Mkulu wina ankatchuka kuti ndi katswiri wa ma logo, ndinamusiyira yachitsulo yeniyeniyo kuti aziona.

Tsiku lokatenga akundipatsa envelopu uku akumwetulira, ati bwana ndaikonzako pang'ono kuti itchene. Kutsegula, mayo ine! Pa nsalupo lipenga la pa baji walisandutsa thirampeti ya oimba bandi, zingwe zake wachotsa ati zimadetsa, korona watola wina pa intaneti, pansi wawonjezera mkango. Mkango wachokera kuti? Ndiye yachitsulo ija anaikwecha ndi sandipepa ati kuti aione bwino, zilembo zina zafufutika, kokolowekera kumbuyo kathyoka. Amayi anangoitembenuza m'manja osalankhula kanthu, misozi ili chuchuchu, chinthu chokhacho chomwe bambo awo anawasiyira. Mkulu uja osapepesa olo pang'ono, akuti mayi ndi chitsulo chakale basi, ndipo ndalama yotsala mundipatse. Munthu wopanda manyazi ngati ameneyu sindinamuonepo.

Chomwe sadziwa anthu awa, pa baji palibe chokongoletsa chabe. Lipenga ndi la magulu a Rifles, asilikali ake pomenya nkhondo ankamwazikana ndiye malamulo ankamveka ndi lipenga osati ng'oma. Korona nayo imanena nthawi, ya nthawi ya Mfumu George VI ya ku Britain ndi yozungulira pamwamba, Elizabeth atalowa ufumu mu 1952 anabweretsa yotchedwa St Edward yolowa pakati. Iyeyu anaika ya Elizabeth, pomwe agogo anali atavula kale yunifomu, ndiye nsaluzo zikunama za munthu wathu. Muyang'anenso nambala ya bataliyoni, KAR inayamba 1902 ndipo 1 KAR ndi 2 KAR ndiwo anali a Nyasaland, 1 KAR yo ndi imene inadzakhala Malawi Rifles mu 1964. Nambala zina ngati 3, 4 ndi 6 ndi za Kenya, Uganda, Tanganyika uko.

Ndiye yeniyeniyo musamusiyire wopetayo, ijambuleni pa foni kutsogolo ndi kumbuyo mumupatse zithunzi. Komanso kunena zoona chithunzi chimabisa zambiri, bola mupite nayo aigwire aione, inu muli pompo. Ndipo musamukanize kusintha chilichonse, ulusi sungatulutse tizilembo ting'onoting'ono tonse, pena adzafunika kuchepetsa, bola akufunseni kaye. Apete imodzi muione, ndalama mulipire pambuyo.