Kodi Khansa ya Chiwindi Ndi ya Kumtundu?

Mayi ena a ku Mufakose, mumzinda wa Harare, andilembera imelo yomwe yandikhudza kwambiri. Bambo awo anamwalira ndi khansa ya chiwindi, iwo eni ndi athupi, ndipo atajambulidwa m'mimba auzidwa kuti chiwindi chawo chili ndi mafuta. Akufunsa ngati matendawa ali a kumtundu, komanso ngati ana awo adzawatengera.

Amayi, funso lanuli m'banja mwathu tinakhala nalo kwa zaka zambiri osalitchula. Malume anga aakulu anabadwira ku Highfield, makolo awo atabwera kuchokera ku Dedza pa nthawi ya Chitaganya, ndipo anali munthu wa thupi lalikulu moti pa misonkhano ya bungwe lathu la maliro ankawasungira mpando wawowawo. Palibe amene ankaona vuto pa thupi limenelo. Azakhali ankanyadira kuti mwamuna wawo akuoneka wosamalidwa, ndipo abale ochokera kumudzi akabwera ankabwerera ndi mbiri yakuti ku Harare anthu akudya bwino. Pamene anayamba kuwonda, maso kuchita chikasu ndi mimba kudzaza madzi, banja linagawikana: ena ankati anawadyetsa kuntchito, ena ankaloza mnansi amene anakangana naye za malire a mpanda, ndipo ndalama zambiri zinathera kwa asing'anga tisanamve kwa madokotala kuti chotupa cha m'chiwindi chinali chitakula kale. Mng'ono wawo atamwalira mofananamo patapita zaka, nkhani ya ufiti inazilala, m'malo mwake munalowa mawu akuti "ndi za m'magazi mwathu", ndipo mawu amenewa anatifooketsa kuposa oyamba aja, pakuti mfiti umatha kuithawa koma magazi ako sungawathawe. Ine nditauzidwa pa chipatala china kuti chiwindi changa chili ndi mafuta, wondijambulayo anangondifunsa kuti ndimamwa mabotolo angati pa tsiku, ndipo nditayankha kuti mowa sindilawa, anaseka osandikhulupirira. Ndinatuluka ndili ndi maganizo akuti ndine wotsatira pa mzere wa amalume.

Zoona zake n'zakuti majini, tinthu ta m'maselo a thupi timene timatengera kwa makolo, ali ndi mbali pa nkhaniyi. Mu 2008, ofufuza a mumzinda wa Dallas ku America, motsogoleredwa ndi Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen, anapeza kuti kusintha pang'ono kwa jini yotchedwa PNPLA3 kumachititsa kuti mafuta aziunjikana m'maselo a chiwindi m'malo mogwiritsidwa ntchito. Amene anatengera kusinthaku kwa makolo onse awiri amakhala pa chiopsezo chachikulu cha kutupa kwa chiwindi, zipsera zomwe zimachiumitsa, ndipo pamapeto pake khansa. Mu 2014 kunapezeka jini ina, TM6SF2, imene imalepheretsa chiwindi kutulutsa bwino mafuta kupita m'magazi, ndipo mu 2018 kunapezeka kusintha kwa jini ya HSD17B13 kumene kumateteza chiwindi m'malo mochiwononga. Kunenepa nakonso kuli ndi majini ake, monga FTO yomwe inadziwika mu 2007, koma amene ali ndi makope awiri a mtundu wonenepetsawo amangolemera ndi makilogalamu pafupifupi 3 kuposa anzawo. Makilogalamu 3 si amene ankachititsa kuti malume asungiridwe mpando wapadera.

Chimene chinandimasula ine ndi kafukufuku wa mu 2017 wa Stefan Stender ndi anzake, amene anasonyeza kuti mphamvu ya jini ya PNPLA3 imakula molingana ndi thupi la munthu. Mwa anthu ochepa thupi, kusiyana pakati pa amene ali ndi jini yoopsayo ndi amene alibe n'kochepa, koma mwa onenepa kwambiri kusiyanako kumakhala kwakukulu zedi. Jiniyo ili ngati mbewu yogona m'nthaka youma, imene imadikira mvula kuti imere, ndipo mvulayo ndi shuga wa m'zakumwa zotsekemera, buledi woyera, mbale ya nsima yosefukira madzulo alionse ndi kukhala pansi tsiku lonse. Ndiponso kafukufuku wa ku Dallas yemwe uja anapeza kuti mtundu woopsa wa jiniyi umapezeka kwambiri mwa anthu ochokera ku Latin America, pafupifupi theka la makope onse, pamene mwa anthu akuda a ku America unali pafupifupi 17 pa 100 alionse. Mwa akudawo mafuta a m'chiwindi ankapezekanso mochepa ngakhale kuti ambiri anali onenepa.

Pa chifukwa chimenechi ndimakana kwamtuwagalu kuti munthu wa ku Mufakose kapena ku Dzivarasekwa ayambe kuda nkhawa ndi PNPLA3 asanayezetse matenda a hepatitis B. Nkhani zambiri za pa intaneti zimalembedwera anthu a ku Ulaya ndi ku America, kumene kunenepa ndi mowa zikutsogola pa zoyambitsa khansa ya chiwindi, koma kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara chimene chimayambitsa khansayi kwambiri ndi kachilombo ka hepatitis B. Kachilomboka kamalowa munthu ali wakhanda, kuchokera kwa mayi pobereka kapena kwa ana anzake a pakhomo, kenako kamakhala phee kwa zaka 30 kapena 40 kakuwononga chiwindi popanda chizindikiro. Motero abale a mimba imodzi amatha kufa ndi matenda amodzi, anthu n'kumati ndi chibadwa, chonsecho ndi kachilombo kamene kali ndi katemera komanso mankhwala. Ana a malume atayezetsa, ena mwa iwo anapezeka nako, ndipo lero akumwa tenofovir, mankhwala omwewo amene ali m'gulu la ma ARV. Ku Malawi katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana mu 2002, zimene zikutanthauza kuti abale athu ambiri obadwira kumudzi chakacho chisanafike sanabayidwe.

Za chuku ndi migolo ya mowa

Palinso zinthu ziwiri zimene banja limagawana popanda kudutsa m'majini a makolo okha. Choyamba ndi poizoni wa aflatoxin, wopangidwa ndi chuku chomera pa chimanga ndi mtedza zosaumitsidwa bwino. Mu 1991 ofufuza anapeza kuti zotupa za odwala a kum'mwera kwa Africa ndi a ku Qidong, m'dziko la China, zinali ndi chilema chofanana pa malo amodzi a jini ya TP53, imene ntchito yake ndi kuletsa maselo owonongeka kuchulukana, ndipo chilemacho chinagwirizanitsidwa ndi aflatoxin. Munthu sabadwa nacho chilema chimenechi; amachipeza kudzera m'zakudya, ndipo chikakumana ndi hepatitis B chiopsezo chimachuluka kambirimbiri. Ndimadandaula ndikaona mtedza wonyala ndi wowawa, umene sungagulitsike pa mbale, ukupita kukasinjidwa kukhala chiponde cha ana.

Chachiwiri chinafufuzidwa ndi madokotala a konkuno ku Zimbabwe pamodzi ndi Victor Gordeuk m'zaka za m'ma 1990: mowa wamasese wofululidwa m'migolo yachitsulo umakhala ndi ayironi wochuluka amene amaunjikana m'chiwindi, ndipo iwo anapeza zizindikiro zakuti mabanja ena ali ndi chibadwa chosunga ayironi wambiri kuposa ena. Amadala athu ambiri a m'mafamu ndi m'migodi anakulira mowa umenewu.

Choncho amayi, pitani mukapemphe kuyezedwa magazi kotchedwa HBsAg, kofufuza kachilombo ka hepatitis B, inu, abale anu a mimba imodzi ndi ana anu, ndipo amene alibe kachilomboka ndipo sanabayidwepo alandire katemera. Pemphaninso kuyezedwa shuga, ALT ndi AST (zosonyeza ngati chiwindi chikuwonongeka) ndi ma platelet (tizigawo tothandiza magazi kuundana), chifukwa dokotala akaphatikiza zitatu zomalizazi ndi zaka zanu amapeza chiwerengero cha FIB-4, chimene chimasonyeza ngati chiwindi chayamba zipsera. Zipserazo ndi zimene zimaopsa kuposa mafuta paokha, ndipo anthu ambiri a mafuta m'chiwindi safika pa khansa. Kutsitsa thupi ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100 alionse kumachepetsa mafuta ndi kutupa, kutanthauza makilogalamu 6 mpaka 9 kwa munthu wolemera 90. Siyani mowa ngati mumamwa, ndipo musakhulupirire mankhwala azitsamba ogulitsidwa m'mabotolo akuti amatsuka chiwindi, pakuti ena mwa iwo ndi amene amachipweteka. Ngati zipsera kapena hepatitis B zapezeka, pemphani kalata yokutumizani kwa dokotala wa chiwindi ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, ndipo mufunse za kujambulidwa m'mimba miyezi 6 iliyonse, chifukwa chotupa chopezeka chili chaching'ono chimatheka kuchotsedwa.