Kodi dzina la whiskey linachokera kuti?

FUNSO: Akulu, ine sindimwa, koma takangana ndi alamu anga. Iwo akuti whiskey ndi mawu a Chingerezi chenicheni, pomwe ine ndinamva kuti anachokera ku Ireland. Tiweruzeni. Wowerenga wa ku Balaka.

YANKHO: Achimwene, mlandu wakukomerani, koma alamu anu musawaseke kwambiri. Angerezi anawapotokola mawuwa mpaka eni ake sangawazindikire msanga.

M'chinenero cha ku Ireland, chimene eni ake amachitcha Gaeilge, mowawu ndi uisce beatha, ndipo amatchula ngati "ishke baha". Uisce ndi madzi, beatha ndi moyo. Dzinali sanalipeke okha ayi. Anatengera ku Chilatini, aqua vitae, kutanthauza madzi a moyo, mmene amonke ndi asing'anga a ku Ulaya ankatchulira zakumwa zotcheza, poti ankaziyesa mankhwala. Buku lakale la mbiri ya dzikolo, Annals of Clonmacnoise, limasimba za mfumu ina imene inamwalira pa Khirisimasi mu 1405 itapapira aqua vitae mopyola muyeso, ndipo wolembayo sanaimvere chisoni: anati kwa iyeyo sanali madzi a moyo, anali madzi a imfa.

Angerezi atamva dzinali m'zaka za m'ma 1500 analilemba momwe makutu awo anawauzira, usquebaugh. Lilime linkalemedwa nalo, ndiye pofika m'ma 1700 anali atadula mchira, kutsala whisky. Onani chimene chinadulidwa: mbali ya moyo ija. Munthu akamaitanitsa whiskey pabala lero, kwenikweni akungoti "madzi".

Tsono pano ndi pamene alamu anu angapumireko. Akatswiri a zinenero amati uisce, water wa Chingerezi, hydor wa Chigiriki ndi voda wa Chirasha ndi zidzukulu za liwu limodzi la chinenero chakale kwambiri chimene chinabala zinenero zambiri za ku Ulaya ndi ku India. Voda ndiye anabala vodka, kutanthauza timadzi. Beatha nayenso ndi msuweni wa vita uja wa Chilatini.

Anthu a ku Scotland akadamva yankho langali akadandikwiyira, chifukwa Chigaeliki chawo chimati uisge beatha ndipo nawonso amati dzinali n'lawo. Ine sindilowerera, zinenero ziwirizi n'za bere limodzi. Mukafuna kudziwa kwawo kwa botolo, yang'anani kalembedwe: a ku Ireland ndi ambiri a ku America amalemba whiskey, a ku Scotland, Canada ndi Japan amachotsa "e".