Chimbale tinajambula anayi, dzina likumveka la mmodzi

FUNSO

Akonzi, ine ndine womenya ng'oma, ndimakhala kwa Chitakale kuno ku Mulanje. Tinali anyamata anayi m'gulu la rock, gitala yamagetsi ikulira mwaukali, pansi pake ine ndikumenya tchopa. Chimbale chathu cha nyimbo zisanu ndi zitatu tinajambula tokha m'kachipinda ka lendi ku Luchenza, pa laputopu yobwereka, matiresi titawaimika kukhoma kuti kukuwa kwa oitanira maminibasi kusalowe. Ndalama zambiri zinachoka kwa ine, zokathyola tiyi ndi za mbuzi ziwiri zimene ndinagulitsa. Chimbale chitatuluka, wa bezi anapita ku Johannesburg, wa gitala analowa mpingo wina n'kuyamba kunena kuti rock ndi ya mdima. Woyimba mawu tsopano akuyimba nyimbozo yekha m'maukwati, ndipo waziika pa YouTube m'dzina lake. Akuti anapeka ndi iye. Zoonadi, mawu ndi ake. Nanga thukuta langa lapita pachabe?

Womenya ng'oma, Chitakale

YANKHO

Achimwene, mbuzi ziwirizo zandiwawa ngati zinali za m'khola mwanga. Thukuta lanu silinatayike, komanso mnzanuyo sakunama zonse.

Nyimbo yeniyeniyo, mawu ndi chuni chake, mwini wake ndi amene anaipeka. Ngati anapeka yekha, angathe kuiyimba pa ukwati uliwonse kuyambira Muloza mpaka Bvumbwe, simungamuletse. Koma zimene zinalowa mu laputopu ija ndi katundu wina. M'menemo muli manja anu, muli bezi ya wa ku Johannesburg, muli mbuzi zanu. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza oyimba amene akumveka m'chojambulidwa, komanso amene anayendetsa ntchito yojambulayo. Ndiye mvetserani bwino zili pa YouTube zo. Ngati ndi zomwe zija za ku Luchenza, anayenera kukupemphani. Ngati anakajambulanso kwina ndi anthu ena, pamenepo mwatsala ndi madandaulo a pachibale basi.

Za tchopa zokha musakazitchule kuti ndi zanu. Agogo athu a Chilhomwe ankamenya inu musanabadwe, ndipo ku Chonde amavina chaka ndi chaka.

Chimene ndikuona n'chakuti munkakhulupirirana kwambiri moti kulemba pepala kunkaoneka ngati kunyozana. Lembani tsopano, ngakhale gulu linatha. Musayambire pa Facebook, kumeneko mungopeza okuwombera m'manja ndi okutukwanani, ndipo mnzanuyo aumirapo mtima. Pezani wamkulu mmodzi amene nonse mumamuopa, mukhale pansi, wa ku Johannesburg alowe pa WhatsApp. Wa gitalayo musamusiye poti anatembenuka mtima; anthu otere akamva kuti pali kenakake amakumbukira msanga kuti zala zinali zawo. Nyimbo iliyonse ilembedwe payokha: anapeka ndani, anayimbamo ndani, aliyense atengapo zingati. Onse asayine.

Kenako pitani ku COSOMA, bungwe limene lakhala likuyang'anira umwini wa ntchito za aluso kuyambira 1992. Umwiniwo sudikira kulembetsa, umayamba ntchito ikangopangidwa. Koma ndalama zimene bungweli limatolera ku mawayilesi, m'mahotela ndi m'malo omwera zimagawidwa kwa mamembala malinga ndi nyimbo zolembetsedwa, ndipo dzina limene palibe papepala silandira kanthu.

Ndisakunamizeni, nyimbo zimene sizimveka pa wayilesi sizibweretsa zambiri. Mwina simudzabweza ngakhale mbuzi imodzi. Chimene mungapeze msanga ndi dzina lanu pansi pa nyimbozo, ndipo womenya ng'oma wodziwika amaitanidwa ku magulu ena ndi ku masitudiyo.

Koma zonsezi zisanachitike, mwati laputopu inali yobwereka. Ili kuti lero? Kwerani minibasi mawa mukaone mwini wake ku Luchenza, mutenge fulashi, mukopere zonse, ng'oma pazokha, gitala payokha, asanaifafanize kapena kuigulitsa.