Ku Deadwood, tauni yonse inali yophwanya lamulo

Achimwene, mwafunsa ngati zimene timaona m'mafilimu a makauboyi zinkachitikadi, zoti m'matauni a migodi ku America munthu ankawombera mnzake n'kubwerera kukamaliza mowa wake. Ndikuyankheni ndi tauni imodzi, Deadwood, yomwe masiku ano ili m'chigawo cha South Dakota.

Tauniyi siinkayenera kukhalapo n'komwe. Mu 1868 boma la America linasainirana pangano ndi anthu a mtundu wa Lakota ku Fort Laramie, kuvomereza kuti mapiri a Black Hills ndi awo. Mu 1874 gulu la asilikali a George Custer linapeza golide kumeneko, ndipo pofika 1876 anthu zikwizikwi anali atakhamukira m'chigwa cha Deadwood, m'mapiri omwewo, kumanga zisakasa, mabala ndi nyumba za njuga. Nanga boma likanaika bwanji khoti kapena apolisi pamalo amene ilo lomwe linasaina kuti si ake? Okumba golide ankangodziweruza okha.

Taonani nkhani ya Wild Bill Hickok, katswiri wa mfuti wotchuka uja. Pa 2 Ogasiti 1876 ankatchova njuga mu bala ya Nuttal ndi Mann. Iye ankakonda kukhala atatsamira khoma, koma tsikulo mpando umene anapeza unali wofulatira chitseko. Jack McCall analowa, n'kumuwombera kunkhongo. Palibe zija zoimirana pamsewu, wina uku wina uko, dzanja lili pa mfuti. Zimenezo zinkachitika mwa apo ndi apo, mafilimu ndi amene anazichulukitsa.

Kutacha anthu anasonkhana m'nyumba ya zisudzo, nasankha woweruza pakati pawo. McCall anati Hickok anapha mchimwene wake, iwo n'kumumasula tsiku lomwelo. Mkuluyu pakamwa panamulaka. Atafika ku Wyoming anayamba kudzitama, ndipo anamugwira n'kupita naye ku Yankton, komwe kunali likulu la dera la Dakota pa nthawiyo. Kumeneko khoti linati mlandu woyamba uja sunali mlandu, poti Deadwood inalibe khoti lovomerezeka. Anamunyonga pa 1 Malichi 1877.

Ndiye lamulo linafika liti? Ine ndimaona kuti linabwera m'mbuyo mwa ndalama. Mu Febuluwale 1877 nyumba ya malamulo ya America inalanda Black Hills, pangano lija kulitaya kutali. Chaka chomwecho Seth Bullock, yemwe anabwera kudzagulitsa zitsulo ndi zipangizo limodzi ndi mnzake Sol Star, anaikidwa kukhala sheriff, kutanthauza mkulu wa apolisi wa deralo. Chaka chomwechonso George Hearst ndi anzake anagula mgodi wa Homestake, pafupi ndi Deadwood, pa madola 70,000. Munthu woti wathira chuma chotere pansi safuna kuti ngolo zonyamula golide ziziberedwa panjira. Anthu ambiri amene ankasefa mchenga m'mitsinje pofunafuna golide anasanduka antchito olandira malipiro, ndipo mgodiwo unakumbidwa mpaka kutsekedwa mu 2002.

Mlandu wa eni malo ndiwo unatenga zaka zoposa 100. Mu 1980 khoti lalikulu la America linagamula kuti mapiriwo analandidwa mosayenera, ndipo linalamula chipukuta misozi choposa madola 100 miliyoni. A Lakota anakana kuzilandira, akuti mapiriwo sanawagulitse. Ndalamazo zikadali m'manja mwa boma, ndipo ndi chiwongoladzanja zinapitirira kale madola 1 biliyoni.