Pitani ku Culross, ndipo muyambire pa mtanda wa pamsika

Achemwali, mwafunsa za tauni yakale yoti mukaione tsiku limodzi kuchokera ku Edinburgh, yokhala ndi nyumba zakale za khonsolo komanso mtanda wa pamsika uja amati mercat cross. Pitani ku Culross, m'dera la Fife ku Scotland, m'mphepete mwa Firth of Forth, pomwe mtsinje wa Forth umathirira m'nyanja. Kwerani sitima mpaka ku Dunfermline, kumeneko mukapeza basi. Eni ake amatchula kuti "Kuros", ndiye pofunsa dalaivala mukatero.

Alendo ambiri akangotsika amathamangira ku Culross Palace, nyumba yachikasu ija. Inu kayambeni mwakwera kamtunda kupita pa mtanda. Mukadzere kamsewu ka Back Causeway, ndipo muziyang'ana pansi: pakati pali mzere wa miyala ikuluikulu pomwe pankayenda olemera, osauka n'kumaponda m'mbali moyenda madzi akuda. Mtandawo si wa tchalitchi ayi. Unali umboni woti mfumu yalola tauni kukhala ndi msika wakewake, ndipo uthenga wa boma ankaulengezera pamenepo. Tsinde lake ndi la 1588, koma chipilala chokhala ndi chosema cha unicorn (hatchi ya m'nthano ya nyanga imodzi) pamwamba anachiika mu 1902. Ndi kabwalo kakang'ono, kozunguliridwa ndi nyumba zoyera za matailosi ofiira, moti munthu umachita kuona momwe msika unkapanikizanirana.

Mukatsika, kaimeni pa Town House. Inamangidwa mu 1626, nsanja ya wotchi anaiwonjezera mu 1783. Khonsolo inkakumana momwemo, khoti momwemo, ndende momwemonso. Kachipinda ka kudenga ndi komwe ankatsekerako amayi oganiziridwa ufiti. Ine pamenepa mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa ndinakumbuka agogo athu kumudzi omwe mpaka lero amanamiziridwa zomwezi.

Palace muimalizire. Dzina lisakupusitseni, simunkakhala mfumu. Anaimanga Sir George Bruce pakati pa 1597 ndi 1611 ndi ndalama za malasha ndi mchere, ndipo mgodi wake unkalowa mpaka pansi pa madzi a Forth. Kuyambira mu 1932 imasamalidwa ndi bungwe losamalira malo akale la National Trust for Scotland, polowa mumalipira.

Musananyamuke onani pa intaneti masiku otsegula, poti nthawi yozizira zina amatseka. Nsapato zazitali zisiyeni kunyumba, miyala ija ikanyowa imaterera.