Zitini 8 za golide ku California: golide anali wochepa, mtengo ndiye unakwera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Ndaifupikitsa pang'ono: "Achimwene, ndinaonera kavidiyo ka banja la ku America limene linatola makobidi a golide pamalo pawo, akuti a madola 10 miliyoni. Kuntchito tatsutsana mpaka kuiwala tiyi. Mnzanga wina akuti golide ndi golide, ungomuika pasikelo basi ngati Krugerrand. Wina akuti zinali ndalama zakuba ndipo boma linalanda zonse. Zoona n'ziti?"

Achimwene, anzanuwo onse aphonya, ngakhale wachiwiriyo ndikudziwa kumene waitola nkhani yakeyo. Wasakaniza milandu iwiri yosiyana.

Chuma chimene mukunenachi amachitcha Saddle Ridge Hoard. Mu February 2013, bambo wina ndi mkazi wake ankayenda ndi galu pamalo awo kumpoto kwa California, kudera limene anthu anakhamukirako mu 1849 kukafuna golide. Anaona chitini cha dzimbiri chitasuzumira m'dothi pafupi ndi mtengo. Atakumbakumba anatulutsa zitini 8, ndipo m'katimo munali makobidi 1,427. Mayina awo enieni sanaululidwe, manyuzipepala ankangoti John ndi Mary. Mantha atawagwira anaika makobidiwo m'bokosi losungira ayisi n'kulikwirira pansi pa mulu wa nkhuni. Dziko linamva za nkhaniyi patatha chaka, mu February 2014.

Tiyambe ndi sikelo ya mnzanu woyambayo. Makobidi 1,373 anali a madola 20, aja amawatcha double eagle, 50 anali a madola 10, ndipo 4 anali a madola 5. Mukaphatikiza zimene zinalembedwa pamakobidipo mupeza madola 27,980. Khobidi limodzi la madola 20 limalemera magalamu 33.4, ndipo magawo 9 mwa 10 ndi golide, kotsalako ndi mkuwa wolimbitsira. Ndiye kuti mutasungunula zonse mungapeze golide weniweni wokwana makilogalamu 42 kapena kuposera pang'ono, amene ndi maaunsi pafupifupi 1,350. Kumayambiriro kwa 2014 aunsi imodzi inkagulidwa madola 1,300 kapena chapompo. Chulukitsani nokha, simufika ngakhale madola 2 miliyoni. Krugerrand, ndalama ya golide ya ku South Africa, imayenda ndi sikelo chifukwa kuyambira 1967 asula mamiliyoni ambirimbiri ndipo zonse n'zofanana. Makobidi a ku Saddle Ridge, madola 8 miliyoni enawo sanali m'kulemera kwake.

Mbali yaikulu inali m'maonekedwe. Golide ndi wofewa. Khobidi likayenda m'matumba miyezi ingapo, tsitsi la chithunzi cha mayi chili pamenepo limayamba kufufutika, kuwala kwa kufakitale kumatha. Otolera makobidi ali ndi muyezo woyambira 1 kufika 70, ndipo kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi khobidi limene silinagwirepo ntchito pamsika. Pali makampani amene ntchito yawo ndi kuliyang'ana khobidi ndi galasi, kulipatsa nambala, n'kulitsekera m'kapulasitiki. Amene anayeza a ku Saddle Ridge ndi a PCGS. Pa makobidi osowa, kusiyana kwa nambala imodzi kumatha kuwirikiza mtengo. Ambiri mwa makobidi amenewa analowa m'zitini akadali atsopano n'kugona momwemo zaka zoposa 100, ndipo oposa 10 anapezeka kuti ndi abwino kuposa ena onse odziwika a chaka chawo.

Apa ndipatuke pang'ono. Akanakhala ife, tsiku lomwelo tikanatenga phulusa kapena mchenga n'kuwakwecha ngati poto kuti awale. Kutero n'kutaya ndalama ndi manja ako. Timizere ta kukwecha sitibisika pagalasi, ndipo khobidi lokwechedwa limagwa mtengo mpaka kuyandikira wa golide wake basi. Banja lija linapereka makobidiwo kwa kampani ya Kagin's ya ku Tiburon, ndipo katswiri wawo David McCarthy ndi amene anachotsa dothi ndi dzimbiri la zitini mosamala.

Kenako pali kusowa. Khobidi lotchuka kwambiri m'gululo linali la madola 20 la 1866, losulidwa ku San Francisco. Chaka chimenecho boma linayamba kulemba mawu akuti In God We Trust kumbuyo kwa makobidi amenewa, koma ku San Francisco anasulako ena ndi zidindo zakale zatsopano zisanafike. Ochepa okha ndi amene atsala, ndipo ambiri ndi operepeseka. Ili linatuluka m'chitini lili ngati ladzulo, ndipo analiyerekeza mtengo wa madola 1 miliyoni, lokha. Golide wake sanafike ngakhale madola 1,300.

Pamene otolera makobidi anakanganirana kwambiri ndi pa makobidi wamba otsalawo, ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi imandikomera. Chuma chokwiriridwa chikatuluka chimadzipha chokha mtengo. Khobidi limadula chifukwa ndi lochepa, ndiye mukatulutsa mazana a chaka chimodzi nthawi imodzi, kusowa kuja kwatha. Anthuwa anali ataziwonapo kale. Sitima yapamadzi ya SS Central America inamira mu 1857 ndi golide wa ku California, ndipo itapezeka mu 1988 munatuluka makobidi atsopano masauzande a chaka cha 1857. Khobidi limene kale linali lovuta kulipeza lili latsopano linasanduka loti aliyense wa ndalama akhoza kugula. Amene anali ndi makobidi a zaka za m'ma 1880 ndi 1890 a ku San Francisco anali ndi chifukwa chodera nkhawa.

A Kagin's anachenjera. M'malo mogulitsa makobidi okha, anagulitsa nkhani. Kapulasitiki ka khobidi lililonse kanalembedwa dzina la Saddle Ridge, ndipo mu May 2014 ambiri anawaika pa Amazon, msika wa pa intaneti, kuti afikire anthu amene sanatolerepo makobidi chibadwire, koma anamva za galu ndi zitini pa TV. Khobidi loyamba, la 1874, analigulitsa pa okushoni m'nyumba yakale yosulira ndalama ku San Francisco pa madola 15,000, kutali kwambiri ndi mtengo wa linzake lopanda dzinalo. Akadaulo ena ankati uku n'kugula chikalata osati khobidi. Ena ankati mbiri ya chinthu ndi mbali ya mtengo wake, monga zimakhalira ndi katundu aliyense wakale. Ine ndili pakati koma ndapendekera kwa oyambawo. La 1866 lija lidzakhala losowa mpaka kalekale. Koma khobidi wamba la 1892, mtengo wake wowonjezerawo ukudalira kuti anthu azikumbukirabe galu uja. Musaiwalenso kuti chiwerengero cha madola 10 miliyoni chinachokera kwa ogulitsa eni ake, malonda asanayambe. Wogulitsa mbuzi sanena kuti ndi yowonda.

Panalinso odandaula kuti chumacho chamwazika. Iwo ankati chikanakhala pamodzi m'nyumba yosungira zakale, chifukwa zitini ndi kasanjidwe ka makobidi zimafotokoza za mwini wake kuposa khobidi limodzilimodzi. Ku England zikanayenda mwina. Lamulo lawo la Treasure Act la 1996 limati wotola chuma chakale auze boma pasanathe masiku 14, nyumba zosungira zakale zimapatsidwa mwayi woyamba wogula, ndipo ndalamazo amagawana wotola ndi mwini malo. Ku California otola anali eni malo omwe, ndipo panalibe amene anabwera ndi umboni woti chumacho n'chake.

Tsopano za kuba. Nkhani itangomveka, anthu anakumbukira Walter Dimmick, kalaliki wamkulu wa fakitale yosula ndalama ya ku San Francisco, amene anamangidwa madola 30,000 a golide atasowa mu 1901. Ndalamazo sizinapezeke. Madola 30,000 ndi 27,980 n'zoyandikana, ndiye ambiri anati mlandu watha. Koma taganizani zimene zimakhala m'thumba la kufakitale: makobidi a mtundu umodzi, osulidwa pamalo amodzi, a zaka zoyandikana. A m'zitini anayambira 1847 kufika 1894, ena anali atayendapo pamsika, ena anali ochokera kumafakitale ena, mpaka limodzi la ku Dahlonega ku Georgia. Bungwe la boma losula ndalama, US Mint, linanena poyera kuti lilibe umboni wolumikiza chumachi ndi kuba kulikonse. Ena anatchula zigawenga zotchuka ngati Jesse James, koma iyeyo anafa mu 1882, ndiye sakanakwirira khobidi la 1894.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti makobidi a zaka zoyandikana ankapezeka m'chitini chimodzi, ngati munthu ankadzaza china n'kuyamba china. Ameneyo ndi wosunga, osati wakuba wothawa usiku. Anthu a ku California nthawi imeneyo ankakonda golide kuposa ndalama zamapepala, ndipo mu 1893 mabanki mazanamazana anagwa ku America. Munthu wopeza bwino wokhala kutali ndi tauni, dothi ndiye linali banki yake. Ayenera kuti anamwalira asanauze aliyense.

Amene boma linawalanda ndi ena, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi amene mnzanu wachiwiriyo akuwakumbukira. Mu 1933 anasula ma double eagle 445,500, koma Pulezidenti Franklin Roosevelt analetsa anthu kusunga golide, ndipo makobidiwo sanatulutsidwe, anawasungunula. Ochepa anatuluka mozemba kudzera kwa Israel Switt, wogulitsa zibangili ndi mphete ku Philadelphia. Mu 2003 banja la mwana wake, a Langbord, linapeza 10 m'bokosi la kubanki. Chaka chotsatira anawapereka ku US Mint kuti awatsimikizire ngati ndi enieni. Anatsimikiza, n'kukana kubweza. Mlandu unayenda zaka zoposa 10, kwina kupambana kwina kugonja, mpaka mu 2017 khoti lalikulu la dzikolo linakana kuumva ndipo makobidiwo anatsala m'manja mwa boma. Mfundo inali yakuti sanatulukepo mwalamulo, choncho anali a boma kuyambira pachiyambi. Lina la 1933, limene linali la Mfumu Farouk ya ku Egypt ndipo linali ndi chilolezo cholitulutsira m'dziko cha 1944, ndi lokhalo lololedwa kukhala la munthu. Linagulidwa madola 7.59 miliyoni mu 2002, ndipo mu 2021 linafika 18.9 miliyoni.

John ndi Mary sanalandidwe khobidi ngakhale limodzi, koma mukauze mnzanuyo kuti boma silinachoke chimanjamanja. Ku America chotola chimakhomeredwa msonkho ngati malipiro. Khoti linagamula zimenezi mu 1969 pa mlandu wa banja la a Cesarini, limene linapeza madola 4,467 m'piyano yakale imene linagula pa madola 15. Akatswiri a msonkho atawerengera za ku Saddle Ridge, kuphatikiza wa boma lalikulu ndi wa California, anapeza kuti ukhoza kuyandikira theka la mtengo wonse.